Kusankha poto wa pakhomo: mtengo usakhale funso lokhalo

Kukolola kukatha, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, ndalama za fodya nazo zikayamba kufika m'manja mwa alimi, misika ya ku Mponela, Madisi, Mvera, Malomo ndi pa boma la Ntchisi imang'anima ndi mapoto. Ogulitsa amawasanja kuyambira chimpoto chophikira pa maliro kufikira kapoto kowiritsira tiyi. Iyi ndiyo nyengo imene mabanja ambiri amasintha ziwiya za kukhitchini, ndiponso imene achibale amafunira mphatso ana awo amene akulowa m'banja. Wogula amanyamula poto, namugogoda ndi chala, namuyang'ana kunsi, kenaka n'kuyamba kunenerera. Kawirikawiri nkhani yonse imathera pa mtengo, ndipo palibe angadzudzule munthu pa chifukwa chimenecho, poti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa m'sitolo wakhala akungokwerabe.

Komabe poto amasiyana ndi mpando kapena mphasa. Chakudya cha banja chimakhala m'kati mwake, pa moto, kawiri kapena katatu pa tsiku kwa zaka zambiri, ndipo zina mwa zimene anapangira potoyo zimasungunukira m'chakudyacho pang'onopang'ono. Kukula kwake, kukhuthala kwake ndi chivundikiro chake n'zimenenso zimalamula ngati mtolo wa nkhuni utha msanga kapena ukhalitsako. Thanzi la ana ndi mitengo ya m'mapiri, zonse ziwiri zimakhudzidwa ndi chisankho chimene chimachitika mwa mphindi zochepa pa tsiku la msika.

Mapoto a aluminiyamu ali pawiri

Mapoto otuwa amene achuluka m'misika ndi a aluminiyamu, koma sanapangidwe mofanana onse. Ena amachokera ku fakitale, kumene makina amapinda lata la aluminiyamu kuti likhale poto. Amenewa amakhala osalala, opepuka, okhuthala mofanana mbali zonse, ndipo ambiri amakhala ndi dzina kapena chidindo cha kampani. Ena amapangidwa ndi amisiri amene amasungunula zitsulo zakutha n'kuzithira m'chikombole cha mchenga. Awa amakhala olemera, okhakhala, a timaenje ting'onoting'ono, ndipo nthawi zambiri mzere wa pamene chikombole chinakumana umaonekera. Amayi ambiri amawakonda, ndipo ali ndi zifukwa zomveka: sapindika ndi mthiko, sapsereza nsima msanga, ndipo amatha kupirira zaka zambiri pa mafuwa.

Vuto lili pa zimene zimaponyedwa m'ng'anjo. Mmisiri akamatolera zitsulo zakutha amapeza zidutswa za injini, maradiyeta a galimoto, zamkati mwa mawailesi ndi zina zotero, ndipo zina mwa izo zimakhala ndi mtovu. Mtovu ndi chitsulo chofewa, cholemera, chimene chimapezeka chochuluka m'mabatire a galimoto ndi a sola, komanso m'zomatira zitsulo. Umasungunuka pa madigiri 327, pamene aluminiyamu amasungunuka pa 660, choncho ukangolowa m'ng'anjo umasanganikira, ndipo poto akauma palibe diso limene lingauone.

Nkhaniyi inayezedwa. Mu 2014 akatswiri otsogozedwa ndi Jeffrey Weidenhamer wa ku yunivesite ya Ashland ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapoto otere ogulidwa m'misika ya ku Cameroon. Anawiritsamo madzi osakaniza ndi viniga kwa maola awiri, poyerekeza ndiwo zowawasa, ndipo m'madzimo munapezeka mtovu. Mu 2017 anabwerezanso ndi ziwiya 42 zochokera m'mayiko 10, ndipo 15 mwa izo zinatulutsa mtovu wa mlingo wodetsa nkhawa. Mu 2023 bungwe la Pure Earth, litayeza katundu wa m'misika ya mayiko 25, linapeza kuti ziwiya zachitsulo zophikira ndi zodyera zoposa theka zinali ndi mtovu wopyola muyeso umene linagwiritsa ntchito.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wosavulaza. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu wa m'chakudya kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo kwa mayi woyembekezera mtovuwo umadutsa n'kukafika kwa mwana ali m'mimba. Umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo kwa akuluakulu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuononga impso. Choopsa chake chachikulu n'chakuti umagwira ntchito mwakachetechete. Mwana sasanza, sadwala mutu wodziwika, amasewera ngati anzake. Zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka, pamene akubwereza Sitandade 2 kachiwiri, akulephera kugwira zimene aphunzitsi anena dzulo, ndipo makolo n'kumamunena kuti ndi waulesi, ena n'kumaganizira achibale kuti anamulodza. Zimene mtovu waononga mu ubongo sizibwereranso. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la mu 2020 linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse pa dziko lapansi ali ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Kuno kwathu pali china chimene chimakulitsa vutoli. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 mwa 100 alionse a miyezi 6 kufikira zaka 5 anali ochepa magazi, ndipo amayi 33 mwa 100 alionse analinso chimodzimodzi. Mwana amene thupi lake likusowa ayironi amayamwa mtovu wochuluka kuposa mwana wodya mokwanira. Ndiye kuti mwana wa banja losauka, limene ndi lomwenso limathamangira poto wotchipa, ndi amene ali pa chiopsezo kawiri.

Si poto aliyense wosungunula amene ali ndi mtovu, ndipo amisiri athu si adani. Mmisiri amene amasungunula mapoto akale ndi zitini za zakumwa zokhazokha, osaponyamo maradiyeta kapena chilichonse chochokera m'batire, amatulutsa chiwiya chabwinopo, ndipo amadzitetezanso yekha ndi ana ake ku utsi wa mtovu umene umatuluka pa ng'anjo. Wogula amene akumudziwa mmisiri ali ndi ufulu womufunsa zimene amasungunula, poti safunsa anadya phula. Koma pa msika wogulitsa kawirikawiri si amene anapanga, ndipo yankho lake limangokhala lofuna kuti katundu ayende. Poto wa dzina la kampani ali ndi ubwino umodzi uwu, wakuti ali ndi mwini wake amene bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards lingamuitane n'kumufunsa.

Banja limene lili kale ndi poto wosungunula, ndipo lilibe ndalama zogulira wina lero, lingachepetse chiopsezo. Phala la mwana ndi chakudya cha mayi woyembekezera ziphikidwe mu mphika wadothi kapena mu poto wa ku fakitale. Wosungunulayo azigwira ntchito yotenthetsera madzi osamba, ndipo ngati n'kofunika kuphikiramo, zikhale zakudya zosawawasa ndi zosakhalitsa pa moto, zimene zichotsedwemo zikangopsa.

Matimati, chidulo ndi thobwa

Ngakhale poto wa ku fakitale ali ndi malire ake. Aluminiyamu amadyeka ndi zinthu za mitundu iwiri zimene zonse sizisowa m'khitchini ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Zoyamba ndi zowawasa: matimati, mandimu, bwemba, malambe, chidede, ndi thobwa logona. Zachiwiri ndi chidulo ndi soda, zimene amayi amathira mu thelere, m'nkhwani kapena mu nyemba kuti zifewe msanga. Amene anaphikapo thelere mu poto watsopano anaonapo mkati mwake mukuda, ndipo patapita miyezi mumayamba timaenje timene pomaliza timaboola. Kumeneko n'kudyeka kwa chitsulo, ndipo chimene chadyekacho chapita m'ndiwo. Mchere ukagona mu poto umachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndiwo zotsala usiku ziyenera kusamutsidwira m'mbale yovundikira, osati kugona mu poto mpaka mmawa.

Pali mwambo wina wokondeka umene uyenera kusintha pang'ono. Pa mjigo kapena pa dambo, ulemu wa mayi umaonekera pa mapoto ake owala, okwechedwa ndi mchenga, phulusa kapena sitiwulu. Kukwecha kunja n'kwabwino ndithu. Koma mkati mwa poto wa aluminiyamu mumapangika kakhungu kotuwa kamene kamatchinga chitsulo kuti chisakhudzane ndi chakudya, ndipo wokwecha mpaka mkati muwale ngati galasi amachotsa chitetezo chimenecho tsiku ndi tsiku. Mkati mumafunika sopo ndi chinkhupule basi. Zokangamira zimachoka zokha poto akanyikidwa m'madzi kwa kanthawi.

Ndowa ndi zidebe zokhomedwa ndi malata a denga n'zotungira madzi, osati zophikira kapena kusungiramo thobwa, chifukwa chitsulo cha zinki chimene amakutira malatawo chimasungunuka ndi zowawasa ndipo chimasanzitsa. Migolo yodula pakati, imene imatulukira pa maliro ndi pa maukwati, iyenera kudziwika chimene inasungapo poyamba. Mgolo umene munali penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu suyera ndi sopo, ngakhale ndi moto.

Mphika wadothi sunathe ntchito

Dothi ndilo linaphikira makolo a dziko lino kwa zaka mazana ambiri. Pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene panali likulu la mafumu a Amaravi, katswiri wa zofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula mapale ochuluka a miphika ya nthawi imeneyo. Lero nkhali ndi mphika zayamba kuonedwa ngati chizindikiro cha umphawi, ndipo atsikana ambiri akukula osaonapo mmene amaumbira. Kunyoza kumeneku n'kopanda maziko. Mphika wadothi wosapaka utoto sudyeka ndi matimati kapena chidulo. Umachedwa kutentha, koma ukatentha umasunga moto, kotero nyemba, khobwe, nandolo ndi nkhuku ya chikuda zimapsa bwino pa moto wochepa, ndipo zimakhalabe zofunda kwa nthawi yaitali zitaphulidwa. Ndalama yake imatsalira m'mudzi momwemo, m'manja mwa mayi woumba.

Posankha mphika, wogula augogode ndi chala. Wootchedwa bwino umalira momveka, pamene wa mng'alu kapena wosapsa umalira mogonthera. Mphika watsopano uyambe waphikiridwa phala lamadzimadzi la ufa kapena la gaga, pa moto wochepa, kuti timabowo ta m'dothi titsekeke, ndipo phala loyambalo litayidwe. Suyenera kuikidwa pa moto waukulu uli wouma, kapena kuthiridwa madzi ozizira uli wotentha. Chimene chiyenera kusamalidwa ndi mbale ndi mabakuli adothi onyezimira a mitundu yowala, osadziwika kochokera, poti utoto wonyezimirawo nthawi zina umakhala ndi mtovu.

Poto wachitsulo ndi kuchepa kwa magazi

Pali poto mmodzi amene zosungunuka zake zimapindulitsa thupi, ndiye poto wakuda wachitsulo, uja wa miyendo itatu. Ndiwo zophikidwa m'menemo, makamaka za matimati, zimatengako ayironi. Ku Ethiopia, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1999 anaonetsa kuti ana amene ankadya chakudya chophikidwa m'mapoto achitsulo anawonjezera magazi kuposa anzawo a m'mabanja ophikira mu aluminiyamu. Kuno ku Malawi kafukufuku wofanana anachitika m'midzi ya m'chigwa cha Shire ndipo anafalitsidwa mu 2003. Akuluakulu amene ankagwiritsa ntchito mapoto achitsulo mosadumphitsa anawonjezera magazi. Koma mabanja ambiri sanawakonde mapotowo, ndipo madandaulo awo anali a dzimbiri ndi kulemera. Phunziro lake ndi lakuti chiwiya chimene mayi sakuchikonda chimangokhala pa kona, ngakhale chitakhala chabwino chotani.

Dzimbiri lili ndi mankhwala ake: poto wachitsulo akatsukidwa aumitsidwe pa moto nthawi yomweyo n'kupakidwa timafuta ta ndiwo mkati. Akasamalidwa chotero amafika mpaka kwa adzukulu. Sangalowe m'malo mwa mapiritsi a ayironi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, koma amathandizira. Chiwaya chachitsulo chokazingira mtedza, mandasi kapena tchipisi chimasamalidwa mofananamo.

Mapoto a chitsulo chosachita dzimbiri ndi okwera mtengo, koma sadyeka ndi zowawasa kapena chidulo, ndipo banja likatha kugula mmodzi, akhale wa ndiwo ndi phala la mwana. Wopyapyala kunsi amapsereza, choncho wogula asankhe wokhuthala. Mapoto okutidwa ndi utoto wolimba ngati wa makapu a tiyi akale ndi abwino utotowo usanasuke, ukangoyamba kusuka ntchito yawo yatha. Ziwaya zakuda zosakangamira chakudya, zimene zikuoneka m'masitolo a m'tauni, zinapangidwira mbaula ya magetsi kapena ya gasi. Kakhungu kake kamayamba kuonongeka moto ukapyola madigiri 260, ndipo nkhuni ndi makala zimapyola pamenepo mosavuta. Kwa wophika pa mafuwa, imeneyo ndi ndalama yotaya.

Poto ndi nkhuni za m'mapiri

Amene anakhalako ku Salima kapena ku Nkhotakota n'kubwerera kumtunda kuno amadziwa kuti nyemba za kuno zimachedwa kupsa, ndipo ena amanamizira mbewu kapena madzi. Chifukwa china ndi kukwera kwa dziko. Pa mamita pafupifupi 300 alionse amene munthu wakwera, madzi amawira pa kutentha kotsika ndi digiri imodzi. Madera ambiri a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamwamba kupyola mamita 1,200, choncho madzi amabwadamuka pa madigiri 95 kapena 96, osati 100. Kusonkhezera nkhuni zambiri sikungakweze kutentha kumeneko, kumangotha madzi ndi mitengo. Madzi akangowira, moto uchepetsedwe.

Apa m'pamene chivundikiro chimaonetsa kufunika kwake. Poto wosavundikira amataya kutentha kochuluka ndi nthunzi, ndipo wophika amabwezeretsa kutenthako ndi nkhuni. Chivundikiro chokwana bwino chiyesedwe pa msika pomwepo, poto asanalipiridwe, ndipo cha mkombero wopindika chikanidwe. Mbale yovundikira ndi yabwinopo kuposa kusavundikira. Koma chizolowezi chophimba mbatata kapena mpunga ndi jumbo chakudya chili pa moto chiyenera kutha, poti pulasitiki sanapangidwire kutentha kotero. Nyemba zikanyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga ndipo sizifunanso soda.

Kunsi kwa poto kugwirizane ndi moto wa pakhomopo. Kozungulira, ngati kwa nkhali, kumakhazikika bwino pa mafuwa. Kwa phwathalala n'koyenera mbaula ya makala ndi ya magetsi. Mabanja amene ali ndi Chitetezo Mbaula, imene boma ndi mabungwe akhala akulimbikitsa pofuna kuchepetsa kudula mitengo, ayenera kusankha poto wokhala bwino pamwamba pake, wosachepa kwambiri moti malawi azingothawira m'mbali, ndiponso wosakula moti mbaula n'kusweka pomwe nsima ikuvundulidwa. Poto wotambalala, wamfupi, amalandira moto wochuluka kuposa wamtali wopapatiza. Nkhuni iliyonse yopulumuka m'khitchini ndi mtengo wotsala m'nkhalango ya Ntchisi kapena pa phiri la Kongwe, ndiponso ndi ulendo umodzi wochepa kwa mtsikana amene amalawirira kukatola nkhuni asanapite ku sukulu.

Kukula kwa poto kutengere anthu a pakhomo. Wophikira anthu atatu mu poto wa anthu khumi amatenthetsa chitsulo chopanda kanthu, ndipo wodzaza poto wamng'ono mpaka pakamwa amazimitsa moto ndi phala losefukira.

Zogwirira nazo si nkhani yaing'ono. Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, ambiri mwa ogonekedwa ndi mabala a moto ndi ana aang'ono, ndipo ochuluka mwa iwo amapsa ndi madzi owira kapena phala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, pamene ana amaunjikana pa moto kuti aothe, chogwirira chogwedera kapena poto wa kunsi kotupa amene sakhazikika angasinthe moyo wa mwana mwa kamphindi. Wogula agwedeze zogwirira ndi mphamvu, aone misomali yomangira ngati yalimba, ndipo akhazike poto pansi kuti aone ngati sakupendama.

Pamene ndalama ili yochepa

Si banja lililonse lingasinthe mapoto onse chaka chimodzi, ndipo sikofunikira kutero. Woyamba kugulidwa akhale poto wamng'ono wa phala la mwana, wa ku fakitale kapena wa chitsulo chosachita dzimbiri, wokhala ndi chivundikiro chake. Wachiwiri ndi mphika wadothi wa ndiwo, umene mtengo wake ndi wochepa kuposa zonse. Poto wa nsima angadikire nyengo ina. Poyerekeza mitengo, ndi bwino kugawa ndalama ndi zaka: mwachitsanzo, poto wa K12,000 amene abooke pakutha kwa chaka ndi wodula kuposa wa K30,000 amene akhale zaka 5. Magulu a banki m'khonde amene amagawana ndalama kumapeto kwa chaka angagwirizane kugula mapoto pamodzi kwa wogulitsa mmodzi wodziwika, n'kutsitsa mtengo.

Pali mapoto enanso amene alibe mwini mmodzi: a pa maliro, a mpingo, a phala la ku sukulu ndi a ku sukulu za mmera mpoyamba. Amenewa amadyetsa ana ambiri nthawi imodzi, koma ndi amene safunsidwa kochokera. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, komiti ya sukulu ndi anyakwawa angaike nkhaniyi pa msonkhano wawo wotsatira, aitane mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, atulutse mapoto ndi migolo yonse pa bwalo, ndipo aione umodzi umodzi, kulekanitsa zophikira ndi zimene ziyenera kutsala zotenthetsera madzi okha.